Mpata wa Kuseri kwa Khitchini

Ana anga Tadala ndi Yamikani, mukudziwa kuti sukulu ndinalekeza Sitandade 4, choncho musayembekezere kalembedwe ka aphunzitsi. Kope ili ndagula kuti ndilembemo za ntchito yanga yophikira ana a sukulu, imene ndinaigwira kuyambira ndili ndi mphamvu mpaka mawondo atayamba kukana. Za ubwana wanga ku Dowa munazimva kale pakamwa panga. Chimene ndikufuna mumvetse ndi nkhani ya Abiti Saidi, mnzanga wapamtima, amene ndinawaneneza pamsonkhano wa makolo mpaka anasamuka kuchoka ku Kawale. Anthu amati chisoni chinandisokoneza mutu. Sichoncho ayi. Ndinkadziwa chimene ndikuchita, ndiponso chimene ndikutaya.

1997, ku Area 23

Ntchito yoyamba ndinaipeza pa sukulu ina ya mkaka, iwe Yamikani uli kumsana. Mwini wake anali Mayi Gondwe, mzimayi wamtali wa magalasi, wokonda ana koma wokondanso kugula zotchipa. Ine ndinkasesa, kuphika phala, ndi kugawa mabisiketi ikakwana teni koloko. Iwowo ndi amene anandiphunzitsa kuwerenga timanambala ta papaketi tosonyeza tsiku limene chakudya chimathera mphamvu, ndipo ndinkanyadira kuti ine wa Sitandade 4 ndikudziwa chinthu chimene amayi ambiri a m'dera lathu sankachidziwa.

Tsiku lina kunamveka kuti azaumoyo a mumzinda akuyendera masukulu. M'chipinda chosungiramo katundu munali makatoni atatu a mabisiketi amene tsiku lake linali litadutsa kalekale. Mayi Gondwe anandiuza kuti ndiwanyamule, ndikawaike kubafa, ndiwafunditse zitenje zoti zichapidwe. Ndinawakumbutsa za timanambala tija. Anaseka, nati manambalawo amalembera anthu olemera a ku Area 10, ana athu a kuno mimba zawo n'zolimba. Ndinabisa. Azaumoyo anabwera awiri, anasuzumira m'mapoto, anayang'ana zikhadabo zanga, analemba m'buku, nkumapita. Mabisiketi aja tinagawa milungu iwiri ndipo palibe mwana ngakhale mmodzi amene anadwala. Pamenepo ndinaphunzira phunziro loipa, lakuti lamulo ndi mlendo: umamusesera pabwalo, akapita umabwerera ku zako. Phunziro limenelo ndinakhala nalo zaka zambiri osadziwa kuti ndalisunga.

2008, ku Kawale

Sukulu ya mkaka ija itatsekedwa ndinakhala pakhomo miyezi ingapo, kenako ndinalembedwa pa sukulu ya pulayimale ya mpingo wina ku Kawale. Kumeneko ndiko ndinakalambira. Khitchini inali chisakasa cha malata kuseri kwa makalasi, chogundana ndi mpanda wa njerwa. Kusowa kunali kwa tsiku ndi tsiku. Nkhuni zikapezeka, makapu ankaperewera, moti ana atatu ankadikirana kapu imodzi. Makapu akakwanira, ufa wa phala unkatha teremu ili pakati. Mphunzitsi wamkulu wa nthawi imeneyo, Bambo Mvula, anali munthu wofatsa wosadziwa kukalipa. Ankabwera kukhitchini, kusuzumira m'thumba la ufa, nkunena motsitsa mawu kuti, "Anankhoma, phala likhale loti likwanire, osati loti likome." Ndiye ndinkaonjezera madzi.

Ufa ukatheratu, ana ankadalira amayi ogulitsa pageti. Panali zitumbuwa, mandasi, zigege, timapaketi ta zokhwasulakhwasula tofiiritsa zala, komanso mafulizesi, madzi a shuga ndi utoto aja omangidwa m'timapulasitiki nkuwaumitsa m'firiji, amene mwana amaluma pakona nkumayamwa. Wa mafulizesi anali Abiti Saidi. Anachokera ku Mangochi, amuna awo anali telala ku Mchesi, ndipo kunyumba kwawo kunali firiji yakale yolira ngati chigayo. Anali mzimayi wamfupi, wanthabwala, wodziwa mwana aliyense ndi dzina. Ndikamadutsa pageti ankandikuwira kuti, "Achemwali, lero phala lipange madzi ndithu, ine malonda ayende!" Ine ndinkawayankha kuti mano a ana onse a ku Kawale akadzagweruka, mlandu udzakhala wawo. Chinzake chathu chinayamba ndi kunyozana koteroko.

Zoletsa zinkabwera nthawi ndi nthawi. Mwina kalata yoti chakudya chizivundikiridwa, mwina yoti ogulitsa atalikire geti. Amayi ankasuntha sabata imodzi, sabata yachiwiri ali pomwepo. Bambo Mvula ankati sangathamangitse anthu amene akudyetsa ana pamene sukulu yalephera kuwadyetsa. Ine ndinkaona kuti akunena zoona, ndipo mbali ina ndikuonabe choncho mpaka lero.

2014

Chaka chimenechi n'chimene bambo anu anatisiya. Za matenda awo simukufunika kukumbutsidwa. Chimene mwina simunachione, chifukwa nanunso munali m'misozi, ndi zimene anachita Abiti. Iwo Msilamu, anakhala pasiwa pambali panga masiku onse, nyimbo za kwaya zikuimbidwa, osatopa. Maliro atatha, sukulu inandipatsa sabata imodzi yokha. Sabata inatha ine ndikulephera ngakhale kudzuka pamphasa. Abiti anasiya bokosi lawo la mafulizesi kwa mnzawo, anamanga chitenje, nkukatakasa phala m'malo mwanga milungu itatu yathunthu kuti ntchito yanga isathe. Bambo Mvula anachita ngati sakuona. Nditabwerera ndinafuna kuthokoza, koma Abiti anandidula mawu, nati phala lawo linali lokoma kuposa langa ndipo ana akulira kuti ndabweranso. Sanafune kuti nkhaniyo itchulidwenso. Ndalemba izi kuti mudziwe kuti munthu amene ndinadzamuneneza anali wotani.

2023, chaka cha kolera

Pofika nthawi imeneyi zinthu zinali zitasintha. Bambo Mvula anali atapuma, m'malo mwawo munalowa Mayi Msiska, achitsikana ndithu, olankhula mwachindunji. Amuna a Abiti anali atamwalira, mwana wawo wamkazi nayenso, ndipo anatsala ndi zidzukulu zitatu. Firiji ija ndiyo inali munda wawo. Kwanga kunali Takondwa, amene iwe Tadala unandisiyira utapeza ntchito ku Blantyre. Anali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ali Sitandade 2 pa sukulu yathu yomweyo. M'mawa tinkayenda limodzi, iye atanyamula chikho changa chogawira phala ngati kuti ndi ndodo ya mfumu. Takondwa ankawatcha Abiti kuti anganga, ndiye kuti agogo, monga mmene zidzukulu zawo zinkawatchulira, ndipo iwo ankamusungira fulizesi wofiira tsiku lililonse, waulere.

Matenda atakula mumzinda, sukulu zinachedwa kutsegulidwa. Titatsegula, Mayi Msiska anatisonkhanitsa nkutiwerengera lamulo lochokera kwa akuluakulu: chakudya chophikaphika ndi zakumwa zopangira kunyumba zisagulitsidwenso pasukulu kapena pafupi ndi mpanda. Ulendo uno sanaseke. Anathiritsa mzere wa laimu panjira, kutali ndi geti, ndipo ogulitsa onse anabalalika. Kenako anatembenukira kwa ine, nati popeza ndimafika moyambirira ndipo khitchini ili kuseri, ndikhale maso a sukulu mbali imeneyo. Ndinavomera pamaso pa aphunzitsi onse.

Kuseri kwa khitchini mvula inali itagwetsa njerwa zingapo, nkusiya mpata woti mkono nkudutsa bwinobwino. Kuchokera kumakalasi sunkaoneka chifukwa cha mulu wa nkhuni. Patatha masiku anayi Abiti anabwera pampata pomwepo m'mawa, bokosi lili pamutu. Sanapemphe ndi mawu ambiri. Anangoti kunyumba ana agona ndi madzi a mchere, ndipo sakudziwa ntchito ina. Ndinayang'ana nkhope yawo, ndinakumbukira milungu itatu ija, ndinakumbukiranso makatoni a Mayi Gondwe amene sanadwalitse munthu. Ndinawauza kuti azibwera nthawi ya buleki, pamene ana amabwera kudzatsuka makapu. Ndinasuntha ngakhale nkhuni zina kuti ana azifika bwino.

Sabata yachitatu mipopi ya ku Kawale inauma masiku angapo. Kusukulu tinali ndi migolo ya madzi othira mankhwala, koma kumakomo anthu anabwerera ku zitsime. Abiti anandiuza pampata paja kuti atunga pachitsime cha kuseri kwa nyumba za lendi, ndipo makala owiritsira ndowa zitatu za madzi alibe. Anandifunsa ngati ndikuona vuto. Mawu amene ndinayankha ndimawamva mpaka lero.

"Abiti, madzi akauma gwa ngati mwala, kachilombo kangakhalemo bwanji? Firiji imapha zonse."

Ndinkakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse. Tonse m'dera lathu tinkatero. Nyama ikakhala m'firiji siwola, ndiye tinkati kuzizira ndi mankhwala.

Lachisanu Takondwa anabwera kukhitchini milomo ili psuu, akuseka, nkundionetsa lilime. Loweruka m'mawa anayamba kutsegula m'mimba, madzi okhaokha oyera ngati otsukira mpunga. Pofika masana maso anali atalowa. Ndinamubereka mpaka pamsewu, tinakwera kabaza wa njinga yamoto kupita kuchipatala, kumene odwala kolera ankagonekedwa m'matenti. Anamwino anayesetsa, sindingawanamizire kanthu. Anavutika kupeza mtsempha, anaika diripi, anaikanso ina. Namwino mmodzi wachikulire anandifunsa zimene mwana anadya ndi kumwa. Ndinatchula zonse, nditafika pa fulizesi ndinaonjezera kuti amenewo alibe vuto poti anali owuma. Anasiya kulemba nkundiyang'ana.

"Agogo, kuzizira sikupha tizilombo. Kumangotigoneka. Tikalowa m'mimba motentha timadzuka."

Lamulungu dzuwa lili pamutu, Takondwa anapita. Sanandilole kumusambitsa. Anamukonza okha azaumoyo, anamukulunga, ndipo tinaika tsiku lomwelo, anthu ochepa, popanda kuphika chakudya pamaliro monga linkanenera lamulo. Iwe Tadala unafika titaika kale. Unandifunsa ngati analankhula kanthu pomaliza, ndinakuuza kuti anapempha madzi. Zinali zoona. Za mpata uja sindinakuuze tsiku limenelo, unadzazimva kwa anthu, ndipo pa chimenecho ndikupepesa.

Ndinene chilungamo: palibe amene anayeza mafulizesi aja. Matenda anali ponseponse, mwina anawatenga kwina. Koma ana ena awiri a kalasi yake anagonekedwanso sabata yomweyo, iwo anachira, ndipo onse awiri ndinawaona ndi maso anga pampata paja Lachisanu.

Mayi Msiska anaitanitsa msonkhano wa makolo ndi azaumoyo kuti afufuze kumene matenda alowera pasukulu. Unali woti uchitike Lolemba la sabata yotsatira. Loweruka masana ndinapita kwa Abiti. Ndinawapeza pakhonde akumanga timapulasitiki, ndowa ili pambali, firiji ikulira m'nyumba. Maso awo anali otupa, poti Takondwa anamulira ngati mdzukulu wawo weniweni. Ndinakhala pansi nkuwafotokozera zimene ananena namwino, mawu ndi mawu. Anamvetsera manja ali chiimire. Kenako anapukusa mutu, nati anamwino amanena zambiri, zidzukulu zawo zimayamwa mafulizesi omwewo ndipo zili bwino. Ndinawapempha kuti asiye, ngakhale mpaka mipopi itayambanso kutuluka bwino. Anati akasiya ana adya chiyani. Ndinati aziwiritsa madzi. Anati makala ake ndiwapatsa ndine? Tinazungulira pamenepo nthawi yaitali, mpaka anaika pansi kapulasitiki kamene anagwira.

"Achemwali, mukudziwa chimene mukundipempha? Ndikavomera kuti firiji sipha, ndiye kuti Takondwa ndamupha ndine."

"Tamupha tonse awiri, Abiti. Inu munatunga madzi, ine ndinasuntha nkhuni."

"Ine sindinaphe mwana. Lolemba ndibwera pampata monga mwa masiku onse."

Ndinawauza kuti akatero ndikanena pamsonkhano. Anatola kapulasitiki kaja nkupitiriza kumanga. Sindikuwaweruza. Ndikuganiza kuti akanasiya tsiku limenelo, kukanakhala kuvomera chinthu chimene mtima wawo sukanatha kunyamula.

Lamulungu lonse ndinakhala ndikuganiza. Ndikanatha kungotseka mpata uja ndi minga mwakachetechete, osatchula munthu. Koma ndinkawadziwa Abiti, akanapita pa sukulu ina kapena kukadikira ana panjira, ndi madzi omwewo. Ndinkadziwanso kuti amayi ena ambiri a mafiriji akukhulupirira zimene ine ndinkakhulupirira. Lolemba nthawi ya buleki ndinamva mawu awo kuseri kwa mpanda akuitana ana ndi maina. Ndinaima pampata nkuutseka ndi thupi langa mpaka belu linalira.

Msonkhano unachitika masana pansi pa mtengo wa pabwalo. Mlangizi wa zaumoyo anafunsa za zimbudzi, za migolo, za phala. Makolo ena anayamba kuloza aphunzitsi, ena ankati ndi madzi a sukulu. Ndinaimirira. Ndinayamba ndi ine mwini. Ndinati ndine amene ndinapatsidwa udindo wolondera kuseri, ndine ndinalola malonda pampata, ndine ndinanena kuti firiji imapha tizilombo, ndipo mdzukulu wanga ali m'manda. Mlangizi anafunsa dzina la wogulitsayo ndi kumene amatunga madzi. Aliyense ankadziwa dzinalo, koma ankadikira kuti aone ngati lituluke pakamwa panga. Ndinalitchula.

Mawa lake azaumoyo anapita kwa Abiti, anataya mafulizesi onse, anatenga bokosi, ndipo chitsime chija anachitseka. Anayendanso m'makomo ena a mafiriji kufotokoza za madzi. Mpata anautseka ndi njerwa ndi simenti. Ine Mayi Msiska anandiitanira mu ofesi. Ndinkayembekezera kuchotsedwa ntchito, koma anangoti chilango chimene ndalandira iwo sangachionjezere. Kunja kunali kosiyana. Makolo a ana awiri aja anakalalata pakhomo pa Abiti. Amayi ogulitsa anasiya kundipatsa moni, ena ankati ndaiwala amene anandigwira dzanja pa maliro a mwamuna wanga. Sindinaiwale, ndipo n'chifukwa chake mawu awo ankandilasa. Mwezi usanathe Abiti anagulitsa firiji ija nkusamuka ndi zidzukulu zawo osatsanzika.

Nthawi zina ndimaganiza kuti amene analemba lamulo lija akanaganizirako kumene mayi ngati Abiti apite akachoka pageti, mwina sakanabwera pampata. Koma lamulolo silinalakwe. Amene anasuntha nkhuni ndine.

2024, ku Chinsapo

Ndinapuma pantchito chaka chotsatira, mawondo atakanika kuimirira pamoto. Patapita miyezi ndinamva kwa mayi wina wa kumsika kuti Abiti ali ku Chinsapo, akugulitsa nthochi ndi mtedza pafupi ndi siteji. Ndinakhala milungu iwiri ndikuzengereza. Kenako tsiku lina ndinavala, ndinakwera minibasi ziwiri, nkuyamba kufunsa. Nyumba yawo anandilozera mzimayi wina wotunga madzi: kachipinda kamodzi ka lendi, kuseri kwa chigayo.

Ndinaodira. Anatuluka ataonda, imvi zikuonekera m'mphepete mwa mpango. Anandiyang'ana osadabwa, ngati ankadziwa kuti tsiku lina ndidzabwera. Anayala mphasa pakhonde, tinapatsana moni wa anthu osadziwana bwino. Ndinafunsa za ana, anati ali kusukulu. Anafunsa za iwe Tadala, ndinati uli bwino. Mawu amene ndinakonza m'minibasi onse anathawa. Dzina la Takondwa palibe analitchula.

Patapita nthawi anadzuka nkulowa m'nyumba. Anatuluka ndi kapu ya pulasitiki, anagwada monga timachitira ndi mlendo, nkundipatsa ndi manja awiri. Nditaigwira ndinamva kuti madziwo ndi ofunda, ndipo ankanunkhira utsi wa makala.

"Imwani, achemwali," anatero maso ali pansi. "Ndi owiritsa."

Ndinamwa onse.